Ku Santiago panjinga: kodi masabata awiri akwana?

Funso: Ndine mayi wa zaka za m'ma 50, ndimakhala ndi kugwira ntchito ku Leeds. Ndine Mkatolika, ndipo kuyambira kale ndimalakalaka ulendo wopita kumanda a Yakobo Woyera ku Spain, uja amautcha Camino de Santiago. Vuto ndi loti tchuthi changa ndi cha masabata awiri okha, ndipo bondo langa silingapirire kuyenda pansi mwezi wathunthu. Njinga ndimakwera, koma yongopitira kuntchito ndi kokagula zinthu. Kodi ulendowu ndingaumalize panjinga? Nanga Mpingo umauwerengera? Pasipoti yanga ndi ya Malawi.

Yankho:

Zikomo mayi. Ulendowu mungaumalize panjinga ndithu, ndipo Mpingo umauwerengera. Chimene sindingakulimbikitseni ndi kuyambira kumene ambiri amayambira. Masabata awiri akwana ngati mwasankha bwino poyambira, ndipo ine ndikanati muyambire ku Burgos, mzinda wa kumpoto kwa Spain umene uli m'njirayo.

Tiyambe ndi za Mpingo, poti ndizo zimavutitsa mtima. Ofesi yolandira apaulendo ya tchalitchi chachikulu cha ku Santiago de Compostela imapereka satifiketi yolembedwa m'Chilatini, yotchedwa Compostela, kwa munthu amene wayenda pansi makilomita osachepera 100, kapena amene wapalasa njinga makilomita osachepera 200 mpaka kukafika mumzindawo, malinga ulendo wake ukhale wa chikhulupiriro kapena wa uzimu. Umboni wake ndi kabuku kotchedwa credencial, kamene mumadinditsa m'matchalitchi, m'nyumba zogona, m'malo odyera, ngakhale m'mabala a m'midzi. M'makilomita 200 omalizawo muzidinditsa kawiri patsiku, musaphonye. Kabukuka mungakapeze musananyamuke kudzera ku bungwe lothandiza apaulendo la Confraternity of St James la ku London, kapena mukakagule ku Burgos komweko. Mu 2023 anthu oposa 440,000 analandira satifiketiyi, ndipo okwera njinga anali pafupifupi mmodzi mwa anthu makumi awiri alionse. Ndinu ochepa, koma simuli alendo osaitanidwa. Mudzakumana ndi oyenda pansi ena oyang'ana njinga ndi diso lofiira ngati kuti mukubera mayeso. Asiyeni. Lamulo analemba ndi eni manda.

Tsono njira. Imene anthu ambiri amatanthauza akati Camino ndi Camino Francés, yoyambira m'tauni yaing'ono ya Saint-Jean-Pied-de-Port ku France, kuwoloka mapiri a Pyrenees, kudutsa Pamplona, Logroño, Burgos ndi León mpaka ku Santiago. Ndi makilomita pafupifupi 780. Oyenda pansi amatha masiku 30 kapena kuposerapo. Wodziwa njinga amaimaliza m'masiku 12 mpaka 14. Muona kuti pepala likuti zikwana, koma pamasiku 14 anuwo chotsanipo tsiku lopita, tsiku lobwerera, ndi tsiku limodzi loti mukhale ku Santiago, mupite ku Misa, mupume. Atsala 11. Makilomita 780 m'masiku 11 ndiye kuti oposa 70 tsiku lililonse, opanda lopuma, ndi katundu kumbuyo, ndipo tsiku loyamba lenileni ndi lokwera Pyrenees kupita ku Roncesvalles. Kwa munthu wa bondo lodandaula amene sanayendepo ulendo wa njinga wogonera, umenewo ndi mpikisano wothamangitsana ndi ndege yobwerera, ndipo nthawi yolowa m'tchalitchi simudzaipeza.

Kuchokera ku Burgos ndi makilomita pafupifupi 490. Mukamapalasa 50 kapena 55 patsiku, ndi masiku 9 kapena 10, ndipo limodzi limatsala loti mvula kapena thupi likakana musadandaule. Koma chifukwa chachikulu chimene ndimakondera Burgos ndi mmene dziko lake lagonera. Makilomita 180 oyamba, mpaka ku León, ndi chigwa chokwezeka chotchedwa Meseta: minda ya tirigu kufikira kumene maso alekezera, midzi ya nyumba za dothi yotalikirana, njira zotakata. Oyenda pansi ambiri amadana nayo Meseta, ena amakwera basi kuilumpha. Kwa wanjinga ndi sukulu. Masiku atatu kapena anayi amenewo miyendo, matako ndi mapewa zimazolowera ntchito mapiri asanayambe. Mukayambira ku León, makilomita pafupifupi 310, mapiri amakupezani tsiku lachiwiri thupi lisanadzuke. Ku Ponferrada ndi kumene amayambira ofuna kungokwanitsa makilomita 200, koma kumeneko mwasiya kumbuyo gawo lokoma la ulendo.

Meseta musaipeputse. Mphepo kawirikawiri imachokera kumadzulo, kumene inu mukulowera, ndipo imakula masana, choncho kulawira kumathandiza. Mthunzi ndi wosowa. Mukangotuluka ku Castrojeriz pali chitunda cha Mostelares, chachifupi koma choima, ndipo kutsika kwake n'koima koposa. Ambiri amakankha njinga pokwera, ndipo palibe manyazi. Kuchokera ku Carrión de los Condes kupita ku Calzadilla de la Cueza pali makilomita 17 opanda mudzi, ndiye mabotolo a madzi adzazidwe musananyamuke. Ndipo kukagwa mvula dothi la kumeneko limasanduka matope omata amene amadzaza pakati pa tayala ndi felemu mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Tsiku lotero musalimbane ndi njira ya fumbi, tsatani msewu wa tala. N-120 ndi misewu ina yaing'ono imayenda moyandikana ndi njirayo m'madera ambiri. Mukafika ku Frómista imani pa tchalitchi cha San Martín, cha m'zaka za m'ma 1000. N'chaching'ono, ola limodzi likwana, ndipo ndicho mtundu wa zinthu zimene othamanga amazidutsa.

Apa ndafika pa mfundo imene ndikufuna muigwiritse. Njira imeneyi inapangidwira mapazi. Mivi yachikasu imene mudzaione pamiyala, pamakoma ndi pamitengo inayamba kupentedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi Elías Valiña, bambo mfumu wa parishi ya O Cebreiro, ndipo imalozera kumene munthu woyenda pansi angadutse: masitepe, miyala yogubuduka, tinjira ta ng'ombe. Wanjinga amene walumbira kuti atsatira muvi uliwonse amathera tsiku akunyamula njinga, kapena amavulala. Tsiku lililonse madzulo muziona mapu a mawa ndi kusankha kuti apa ndidutsa m'njira ya apaulendo, apa ndilowa mumsewu. Palibe amene adzakumaneni satifiketi chifukwa munadutsa pa tala. Chofunika ndi zidindo za m'midzi ya m'njirayo.

Pali malo awiri pamene kusankhaku kuli nkhani ya moyo. Oyamba ndi Cruz de Ferro. Kuchokera ku Astorga mumakwera pang'onopang'ono makilomita pafupifupi 28, kudutsa Rabanal del Camino ndi Foncebadón, kufika pamtanda wachitsulo woimikidwa pamtengo wautali pamwamba pa mulu wa miyala, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Mwambo wake ndi wakuti wapaulendo amabwera ndi kamwala kochokera kwawo n'kukasiya pamenepo pamodzi ndi pemphero lake. Kukwerako n'kotheka, kumangofuna giya yopepuka ndi mtima wodekha. Choopsa ndi kutsika. Kuchokera pamenepo kufika ku Molinaseca mumatsika mamita pafupifupi 900 m'makilomita osakwana 20. Njira ya oyenda pansi ndi ya miyala yoterereka, isiyeni. Msewu wa LE-142 ndi wa tala koma wopapatiza, wokhotakhota, ndipo njinga yolemedwa imathamanga yokha. Potuluka m'mudzi wa El Acebo pali chikumbutso cha njinga yachitsulo, cha wapaulendo wa ku Germany amene anafera pa mtsetse umenewu mu 1987. Gwirani mabuleki onse awiri, muziwafinya ndi kuwamasula m'malo mowakanikiza osalekeza, chifukwa akatentha amaleka kugwira. Muziima kawirikawiri manja apume. Ngati kuli nkhungu kapena mvula, dikirani ku Foncebadón mpaka kuyere.

Achiwiri ndi O Cebreiro, khomo lolowera ku Galicia, chigawo cha Spain chimene muli mzinda wa Santiago. Kuchokera ku Villafranca del Bierzo, pa mamita pafupifupi 500, mumakwera kufika pa 1,300, ndipo gawo lalikulu la chitundacho launjikana m'makilomita 8 omaliza kuchokera ku Las Herrerías. Oyenda pansi amadzera ku La Faba, m'kanjira ka miyala ndi ndowe kamene njinga ya katundu singakwere. Inu muli ndi njira ziwiri: kamsewu ka tala kodzera ku La Laguna, kakafupi koma koima, kapena msewu wakale wa N-VI wokafika ku Pedrafita do Cebreiro, wotalikirapo koma wokwera mofatsa, umene magalimoto ambiri anausiya chitsegulire msewu waukulu pambali pake. Ndi bondo lanulo, dzerani ku Pedrafita. Ndipo tsikulo lisakhale lalitali: mugone ku Villafranca kapena ku Vega de Valcarce kuti chitunda muchiyambe m'mawa. Pamwamba pali tchalitchi chakale cha Santa María, momwe Elías Valiña anaikidwa, ndi nyumba zozungulira za miyala zofolera udzu. Mukachoka pamenepo musaganize kuti kukwera kwatha, patsala Alto de San Roque ndi Alto do Poio musanatsikire ku Triacastela. Pamenepo njira imagawikana. Ya ku Samos ndi yabwino panjinga ndipo imadutsa pa nyumba yakale ya amonke a Benedikito Woyera.

Galicia imanamiza. Pamapu palibenso phiri lalikulu, koma ndi kukwera ndi kutsika kosatha, tizitunda tating'onoting'ono totopetsa kuposa phiri limodzi lalitali. Mvula imagwa mwezi uliwonse. Kuyambira ku Sarria, makilomita pafupifupi 115 kuti mufike, njira imadzaza, popeza ndi pamene amayambira ofuna makilomita 100 oyenda pansi: magulu a ana a sukulu, mabanja, okalamba, ena atatseka makutu ndi nyimbo. Apa ndi pamene okwera njinga amaipitsira mbiri yawo. Khalani ndi belu, mulize mukadali patali, muchepetse liwiro kufikira la munthu woyenda, munene kuti "Buen Camino" (ulendo wabwino) podutsa. Njira ikapapatiza tsikani. Ena amadikira kuti oyenda pansi atsogole n'kunyamuka cha m'ma 9 koloko, ena amapalasa masana anthu atalowa kale m'nyumba zogona. Zonse zimathandiza kuposa kulimbirana kanjira 7 koloko m'mawa.

Za malo ogona zili ndi msampha wake. Nyumba za apaulendo, zotchedwa albergue, zilipo za boma kapena za parishi ndi za anthu wamba. Za boma ndi zotsika mtengo, pafupifupi ma euro 10 usiku umodzi, koma zambiri sizisungitsa malo, ndipo zimayamba zalandira oyenda pansi. Wanjinga amauzidwa kuti adikire mpaka madzulo aone ngati bedi latsala. Chifukwa chake n'chomveka: kukadzaza, inu mungapalase makilomita ena khumi, pamene munthu wa matuza kumapazi sangathe. Ndiye kwa inu n'kwanzeru kusungitsa malo pafoni m'ma albergue a anthu wamba tsiku limodzi pasadakhale, ndi kufunsiratu ngati ali ndi posungira njinga potsekedwa. Mumagona ambiri m'chipinda chimodzi, amuna ndi akazi, pamabedi osanjikizana; magetsi amazima cha m'ma 10 koloko usiku ndipo pofika 8 koloko m'mawa muyenera kukhala mutatuluka. Ngati zogona mosakanikiranazo sizikukomerani, m'matauni ambiri muli tizipinda ta munthu mmodzi pamtengo wokwererapo. Tengani zotsekera m'makutu, anthu otopa amaliza nkonono zoopsa. Musanayale, yang'anani m'mphepete mwa matiresi, nsikidzi zimayenda nawo ulendowu.

Njinga yake isakhale ya mpikisano ya matayala opyapyala, ndipo siyeneranso kukhala yodula. Pamafunika matayala otakata, mamilimita 38 kapena kuposa, magiya opepuka kwambiri oti mukwere chitunda mutakhala pachishalo miyendo ikuzungulira mosavuta, mabuleki abwino, ndi keliyala yolimba. Bondo limawonongeka ndi zinthu ziwiri: chishalo chotsika kwambiri ndi kukankha giya yolemera. Pitani kwa wokonza njinga akuyezeni chishalo, ndipo kaonaneni ndi dokotala wanu za bondolo musanagule tikiti. Katundu alowe m'zikwama ziwiri zokoleka pa keliyala, makilogalamu 10 kapena 12 onse pamodzi, osati chikwama cha kumsana, chimene chimapweteka khosi ndi kukusokonezani pokhota. Tinazolowera kuona njinga itasenza matumba atatu a makala, ndiye 12 amaoneka ochepa, koma wamakala sakwera O Cebreiro masiku khumi otsatizana. Zovala za masiku awiri zikwana poti mumachapa madzulo alionse. Kabudula wa njinga wokhala ndi siponji ndiye musamusiye, pamodzi ndi jekete la mvula, magolovesi, ndi mafuta oteteza khungu kudzuwa. Pazida: machubu awiri, zigamba ndi guluu wake, pampu, zochotsera tayala, kasipanala ka makiyi ambiri, mafuta a tcheni, mabuleki apadera, ndi loko. Phunzirani kusintha chubu kunyumba, tayala lakumbuyo makamaka, kufikira muzichita osaganiza. Ngati katundu akukulemerani, positi ofesi ya ku Spain, Correos, imanyamula zikwama za apaulendo kuchokera pogona pamodzi kukasiya pena tsiku lililonse, pamtengo wochepa. Masiku a mapiri awiri aja ndalama imeneyo siipita pachabe.

Kodi mutenge njinga yanu kapena mubwereke? Kuchokera ku Britain mungakwere sitima yapamadzi ya ku Santander kapena ku Bilbao njinga ili yathunthu, koma ulendowo umadya tsiku lonse ndi usiku kapena kuposerapo, ndipo masiku anu ndi owerengeka. Pandege njinga imafuna kumasulidwa ndi kuikidwa m'katoni, ndipo mukatsika muyenera kuinyamulanso pa basi ya ku Burgos, kumene amafuna ikhale yokutidwa ndi yolipiriridwa padera. Kwa ulendo woyamba ine ndikanabwereka. Pali makampani angapo amene amakutumizirani njinga ndi zikwama zake kuhotela imene mwagona ku Burgos, inu n'kukaisiya ku Santiago. Tengani chishalo chanu chimene thupi linazolowera mukachimange pa njingayo. Ndipo tamverani ichi, poti chagwetsa anthu: ku Britain, monganso kwathu, buleki yakutsogolo imakhala kudzanja lamanja, koma njinga za ku Spain yakutsogolo ili kumanzere. Pa mtsetse dzanja limachita zimene linazolowera. Pemphani akusinthireni musanailandire, kapena yesererani pabwalo mpaka mutu ugwire.

Pamsewu nawonso zinthu n'zotembenuka: ku Spain amayenda kumanja. Pamene pamasokoneza ndi potuluka pamalo opumira m'mawa msewu uli wopanda galimoto, ndi pa maraundabauti. Kunja kwa matauni lamulo limafuna kuti wanjinga avale helimeti, mahedifoni ndi oletsedwa, ndipo usiku kapena mumsewu wapansi pa phiri pamafunika nyali ndi chovala chonyezimira. Madalaivala amalamulidwa kusiya mita imodzi ndi theka podutsa njinga, ndipo ambiri amatsatira. Nambala ya ngozi ndi 112.

Nyengo yabwino ndi Meyi, kumayambiriro kwa Juni, kapena Sepitembala. Julayi ndi Ogasiti Meseta imatentha moopsa ndipo malo ogona amadzaza. Dziwaninso kuti chaka chimene tsiku la Yakobo Woyera, 25 Julayi, lagwa Lamulungu chimakhala Chaka Choyera, Khomo Loyera la tchalitchi limatsegulidwa ndipo anthu amachuluka kwambiri; chotsatira ndi 2027. Kwa Mkatolika chimenecho ndi chifukwa chopitira chaka chimenecho, koma kwa wanjinga wosakonda khamu ndi chifukwa chochipewera. Musankhe nokha. Masitolo a m'midzi amatseka masana kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka 5 koloko, ndipo Lamulungu ambiri satsegula n'komwe, choncho buledi, nthochi ndi mtedza zisasowe m'chikwama. Pamipope ya m'midzi werengani chikwangwani: "no potable" ndiye kuti osamwa.

Za pasipoti: chilolezo chanu chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Spain. Ndi pasipoti ya Malawi mufunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Spain, imene mumapempha kudzera ku ofesi za kazembe wa Spain ku Britain konko. Amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera ma euro 30,000, matikiti, umboni wa ndalama ndi wa kumene muzigona. Pa chomalizachi lembani ndondomeko ya tsiku ndi tsiku, ndipo musungitse malo amene mungathe kuwasintha popanda kulipira. Yambani miyezi itatu pasadakhale, poti m'chilimwe masiku okaonekera amasowa. Funsaninso a inshuwalansi ngati ikuphimba ngozi ya panjinga paulendo wa masiku ambiri, chifukwa si zonse zimene zimatero.

Kukonzekera thupi kumafuna miyezi itatu kapena inayi. Muli ndi mwayi, Leeds ili pafupi ndi Yorkshire Dales, kumene zitunda sizisowa. Yambani ndi makilomita 20, muziwonjezera sabata ndi sabata. Mayeso enieni si kupalasa makilomita 60 tsiku limodzi, ndi kudzuka mawa lake n'kupalasanso 60 ena zikwama zili zodzaza. Mukachita zimenezo masabata awiri kapena atatu bondo osatupa, mwakonzeka. Likatupa, sinthani poyambira mupite ku León, muzipalasa makilomita 35 patsiku. Satifiketi ndi yomweyo.

Tsiku lomaliza likhale lalifupi, mwina kuchokera ku Arzúa, makilomita pafupifupi 40, kuti mulowe m'bwalo la Obradoiro, la kutsogolo kwa tchalitchi chachikulu, masana muli ndi mphamvu. Njinga ikaikeni kogona kapena mukaibweze kaye, kenaka mupite ku ofesi ya apaulendo mumsewu wa Carretas ndi credencial yanu. Misa ya apaulendo imachitika 12 koloko masana ndiponso madzulo; zikwama zazikulu salowa nazo m'tchalitchi, ndipo kuti mupeze pokhala mufike ola limodzi isanayambe. Chofukizira lubani chachikulu chija, Botafumeiro, chimene amuna asanu ndi atatu amachikoka ndi zingwe, sachigwedeza pa Misa iliyonse, koma pamasiku a chikondwerero kapena gulu lina likapempha ndi kulipira. Manda a mtumwi ali pansi pa guwa lalikulu, mumatsikira pa masitepe opapatiza, ndipo m'mawa kwambiri mzere umakhala waufupi. Bwalo la ndege la Santiago lili pafupi ndi mzinda ndipo basi imakafika, koma ndege yobwerera ikhale ya tsiku lotsatira Misayo, osati madzulo omwewo.